Kaunda ndi Chiluba afunda chofunda chimodzi ku Katondwe

Anayambitsa zonsezi ndi mwana wa mlongo wanga, namwino uja ali ku Manchester. Kumeneko m'nyengo yozizira dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye posowa chochita akaweruka, analowa gulu la azimayi osoka pa intaneti. Mtsogoleri wa gululo amatumiza patani ya bokosi limodzi sabata iliyonse, aliyense amadula tinsalu n'kusoka ali kunyumba kwake, kenako amajambula n'kuonetsa anzake. Pakatha miyezi ingapo mabokosi aja amawalumikiza, n'kukhala chofunda chimodzi chachikulu cha zigamba. Mtsikanayu ataona azungu akutulutsa mapaundi kugula nsalu yatsopano kuti akaiduledule, kenako ailumikizenso, anati ayi, ntchito iyi eni ake ali kwathu, kumene nsalu imang'ambika yokha osailipira. Anatsegula gulu pa WhatsApp n'kulowetsamo azakhali ake, amayi a kwaya, aphunzitsi opuma, ambuya ake, ndi amayi a kunyumba kwanga. Lolemba patani, Loweruka chithunzi. Ine m'gululo mulibe dzina langa, koma foni ndi yanga, bandulo ndimagula ndine, choncho ndimawerenga zonse ndi mtima woyera.

*

Sabata yoyamba lamulo linali losavuta: bokosi likhale 12 mbali zonse, kuwonjezapo theka la misoko. Mtsikana uja anaiwala kunena kuti 12 chiyani.

Aphunzitsi opuma, amene anaphunzitsa masamu zaka zambiri ndipo amadziwa kuti Zambia inasiya mainchesi kalekale, anayeza masentimita. Bokosi lawo linatuluka lokongola, ngodya zili gwa, koma lokwana pachikhatho. Amayi ena anayeza mainchesi ndithu, koma ndi tepi yotchipa ya pa msika, ija ili ndi inchi ya ku China, yomwe ndi masentimita 3.3 pamene inchi ya Angerezi ndi 2.54. Lawo linafika masentimita 40. Pa chithunzi onse awiri ankaoneka ofanana, pakuti foni siuza munthu kukula kwa chinthu, ndipo anayamikirana mpaka usiku.

Ambuya alibe tepi, ndipo sanaifunepo. Anatambasula chikhatho kamodzi ndi theka n'kudula. Tsiku lokumana pansi pa mtengo, bokosi lawo lokha ndilo linakwana ndendende. Aphunzitsi anapempha kuti ayezenso. Ambuya anawapatsa dzanja.

*

Atelala athu a pakhonde la sitolo, aja a makina a Butterfly opalasa ndi mapazi, kale tinsalu totsala ankasesera kuseri. Ana ankatola kukakulungira mpira, amayi ena ankasokerera pa thumba kupanga chopondera pakhomo. Lero tinsaluto tili pa mulu, ndipo mulu uli ndi mtengo wake, wofiira ndi wodulirapo.

Chodabwitsa n'chakuti chiyambireni gululi, madiresi a ku Katondwe akufupika. Yunifomu ya kwaya, yomwe chaka chatha inkasesa fumbi, chaka chino yaima m'mawondo. Amayi atcheya anapita kukafunsa.

"Atelala, nsalu ndinabweretsa mamita anayi. Manja a diresili ali kuti?"

"Amayi, ku Lusaka manja anatha kale fashoni."

"Nanga awa ali pa muluwa si manja anga?"

"Ngati mwawazindikira, ndikuchotserani pang'ono mtengo."

*

Patani ya timabokosi 9, mizere itatu ya timabokosi titatu, ndiyo inatsegula masutikesi a pansi pa bedi. M'nyumba iliyonse kuno muli zitenje za kampeni, chifukwa chipani chilichonse chikafika chimagawa, ndipo munthu wanzeru sakana nsalu. Mumapezeka wotchi ya MMD, bwato la PF, chikhatho cha UPND, ndi za UNIP zimene zinafwifwa mpaka nkhope imadziwika ndi tsitsi lokha.

Amayi ena a kwaya anadula mosayang'ana nkhope, anangotsata mitundu. Loweruka chithunzi chitafika, gulu lonse linaimika ntchito. Pamwamba kumanzere panali a Kaunda, pambali pawo penipeni a Chiluba, tsaya kukhudza tsaya. Pansi pake chipumi cha a Mwanawasa, khutu la a Sata, ndipo pakati penipeni chikhatho cha UPND chitagwira bwato la PF kuti lisamire. Aphunzitsi opuma analemba kuti akuluakulu awiri apamwambawo sanayandikanepo chonchi chichokere pa Khirisimasi ya 1997, tsiku limene boma la wachiwiriyo linatsekera woyambayo.

Vuto linabuka kunyumba. Amuna awo a mayiwa ndi a UNIP a m'magazi, amene mpaka lero amati masankho a 1991 sanathe kuwerengedwa.

"Ine kufunda Chiluba? Bola andilume udzudzu."

"Atate a ana, musavutike. Tidzatembenuza, akhale kumiyendo."

Anaganiza kanthawi, n'kuvomera. Amayiwo akuti chiyambire pamenepo bamboyo amaponda mateche usiku wonse, ndipo m'mawa amadzuka osangalala.

Nsalu imodzi yokha ndiyo inakana sizasi. Ambuya anasunga chitenje cha ulendo wa Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anabwera ku Zambia mu Meyi 1989. Kuno nkhani ya Papa ameneyu si yamasewera. Anali wa ku Poland, kwawo kwa masisitere amene akhala akuyendetsa chipatala cha mishoni, ndipo mishoni yeniyeniyo inayamba ndi Ajezuwiti amene anawoloka Luangwa atathamangitsidwa ku Mozambique mu 1910. Choncho funso linapita kwa akatekisiti: kodi kudula Papa ndi tchimo? Akatekisiti anayankha kuti kudula mozungulira si mlandu, koma Papa sangakhale kumiyendo, sangakhale pakati pamene ana amakodzera, ndipo sangakhale moyandikana ndi andale. Atayeza chofunda chonse anapeza kuti malo otsala ndi pakhoma.

*

Kenako kunabwera patani imene azungu amati ikuimira nyumba ya mitengo. Pakati pamakhala kabokosi kofiira, kuimira moto wa m'nyumba, ndipo timizere timazungulira, mbali ina toyera, mbali ina takuda. Zakuda sizinavute. Koma nsalu yoyera m'dziko la zitenje muipeza kuti?

Lamulungu lotsatira munali mu Okutobala, mwezi umene chigwa cha Luangwa chimapitirira madigiri 40, mbuzi n'kumakanganirana mthunzi wa njinga. Abambo onse a mabenchi akutsogolo analowa m'tchalitchi atavala majekete, mabatani otseka mpaka pakhosi, thukuta lili chuchuchu. Ansembe anakondwa. Anati m'zaka zonse zimene akhala kuno sanaonepo amuna olemekeza nyumba ya Mulungu chotere, ndipo achinyamata atengerepo chitsanzo.

Potuluka, mkulu wina anakomoka pa masitepe. Anthu atathamanga kumuvula jekete kuti apitidwe mphepo, anapeza kolala yoyera bwino, tayi, ndi kansalu kakutsogolo kofika pamchombo. Kumsana kunalibe kanthu. Abambo ena onse anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, aliyense atagwira mabatani ake.

M'mwezi womwewo apongozi anga aamuna anafika kunyumba n'kupeza mwana wawo akusokerera bulangete lakale m'kati mwa zigamba kuti chofunda chikhale chochindikala. Anaima, anayang'ana dzuwa, anayang'ana bulangete.

"Wadwala ndani?"

"Palibe, atate. Tikukonzekera Juni."

"Juni wa kuno? Amene amafika Lachiwiri n'kutsanzika Lachisanu ngati mlendo amene wapeza ndiwo ndi therere?"

*

Kutumiza chithunzi Loweruka ndi ntchito ina payokha. Mozambique ili tsidya la mtsinje pomwepa, ndipo masiku ena foni imadzuka ikukulonjera m'Chipwitikizi. Ukatsikira ku boma, ku Feira, kumene Luangwa imathira mu Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo ndi Kanyemba, foni imasowa kuti ili dziko liti mwa atatuwo. Kumudzi kwa azakhali ena netiweki imapezeka malo amodzi okha, pansi pa mtengo wa masawu kuseri kwa dimba, utaimirira pa chitsa.

M'gulumo mtsikana uja analowetsamonso mnzake wa kuntchito, mayi wachizungu wamtima wabwino, amene amayankha chilichonse ndi timitima tofiira. Sabata ina mayiyu anapepesa kuti wachedwa chifukwa mphaka wake anagona pa nsalu, ndipo sanafune kumudzutsa. Gulu linakhala zii. Amayi ena anandifunsa pambali ngati mphakayo ndi wa mankhwala.

Sabata yomweyo azakhali aja nawonso anachedwa. Chithunzi chinafika Lachitatu, ndi uthenga wa mawu: "Pepani anzanga, pa netiweki panali njovu. Masawu apsa." Mtsikana atamasulira, mayi wachizungu anatumiza timitima khumi n'kupempha kuti ulendo wina azakhaliwo akaijambule njovuyo chapafupi, akufuna aone maso ake, chifukwa amamva kuti ndi nyama yofatsa.

Azakhali anayankha kuti foni ndi iyi, chitsa ndi icho, basi ya ku Lusaka imanyamuka m'mawa, abwere adzajambule okha.

*

Muli mlamu wathu wina wa Chibemba, wa ku Kasama, amene amakhala ku Kitwe. Ntchito yake m'gulumo ndi chimbuya basi, nthabwala zija zonyozana pakati pa Abemba ndi anthu a kuno, bokosi sanamalizepo ngakhale limodzi. Tsiku la patani ya atsekwe ouluka, ija ya timakona titatu tondondozana, amayi a kunyumba anasoka tawo ndi nsalu yotuwa. Mlamu analemba msangamsanga: "Mwasoka bwino mbewa zanu, zatsala n'kuthira mchere." Amayi a kunyumba anayankha kuti bokosi la alamu likuchedwa chifukwa nsalu yake ikadali mumtengo, ikudya zipatso, sanaigwire.

*

Nkhani iyi ndiinena motsitsa mawu, chifukwa eni ake akadali moyo ndipo ena ndi oyandikana nawo nyumba.

Bambo wina anapita ku Lusaka kukagulitsa nsomba zouma. Pobwera anadzera ku Kamwala n'kugula nsalu yathunthu ya mayadi 6, yachikasu, ya maluwa a nkhanga. Aliyense amadziwa kuti nsalu yotere imatuluka zitenje zitatu. Chimodzi anapatsa akazi ake, china amayi ake. Chachitatu, anatero bamboyo ndi nkhope yachisoni, chinabedwa m'basi pa Chongwe pamene anatsika kukagula madzi. Mkazi anadandaula, anatukwana akuba a m'tauni, nkhani inatha. Panapita chaka.

Loweruka lina mayiyu ali pa mphasa kuyang'ana zithunzi za anzake. Anafika pa bokosi la mayi wina wa mudzi wapafupi, wosakwatiwa, wodziwa kusoka ndithu. Pa ngodya ya kumanja panali kachikasu. Anaika zala ziwiri pa foni n'kutambasula. Mchira wa nkhanga. Anatambasulanso. Nkhanga yathunthu, ikumuyang'ana.

Sanakuwe. Analemba m'gulu mwaulemu wonse: "Asisi, mwasoka bwino. Kansalu kachikasuko munagula kuti?"

Yankho linabwera: "Inali mphatso, amayi."

"Mphatso yochokera ku Chongwe?"

Pamenepo azimayi makumi awiri anali pa foni nthawi imodzi, aliyense akuoneka kuti akulemba, koma palibe uthenga umene unkatuluka. Nsima zinapserera m'midzi itatu. Ndiye mwana wa mlongo wanga, ali ku Manchester osadziwa kanthu, anadumphira: "Taonani kukongola! Amayi awiriwa ali ndi nsalu yofanana! Mabokosi awo tidzawasokera pamodzi, akhale moyandikana."

Ambuya, amene salemba koma amatuma mdzukulu, anaponyamo mawu amodzi: "Anayandikana kale."

Bambo uja anamva nkhaniyi ali pa njinga. Sanafike kunyumba. Akuti anakhotera kumtsinje, ndipo anakhala ku msasa wa asodzi mpaka mvula yoyamba, kumene anauza anzake kuti ng'ona ndi zabwino chifukwa sizikhala pa WhatsApp. Chichokere apo amuna a kuno akagula nsalu ku Kamwala amabwera nayo yosadula, ndi lisiti.

*

Ambuya poyamba sankafuna n'kumva komwe za gululi. Iwo zigamba amazidziwa bwino, ndipo sanazione zikusekedwa mokoma. M'zaka za m'ma 1980, pamene anthu ankafola mzere kudikira sopo ndi mafuta ophikira, salaula asanadzaze misika, mwana wovala kabudula wa zigamba ankalowa m'kalasi chobwerera m'mbuyo kuti anzake asaone kumatako. Mayi wosoka chigamba ankasankha ulusi wofanana ndi nsalu, n'kusokera m'nyumba chitseko chili chotseka. Lero akuuzidwa kuti chigamba chizionekera patali, ndipo achijambule.

Mdzukulu wawo, pofuna kuwakopa, anawatumizira zithunzi za ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda ku Alabama, m'dziko la America. Kumeneko azimayi, zidzukulu za akapolo a m'minda ya thonje, ankasoka zofunda ndi mathalauza akutha a amuna awo ndi matumba, pofuna kuti ana asafe ndi mphepo. Mu 2002 zofunda zomwezo zinakapachikidwa m'nyumba yoonetsera zaluso ku Houston, kenako ku New York, anthu ophunzira n'kumaima patsogolo pake manja ali kumbuyo. Mu 2006 zinaikidwa pa masitampa a positi a dzikolo.

Ambuya anayang'ana chithunzi chimodzi nthawi yaitali. Anati mzere wachitatu ndi wokhota, ndipo mayi ameneyo akanakhala mwana wawo akanamumasulitsa ulusi. Kenako anafunsa mtengo wake. Atauzidwa kuti zina zimagulidwa madola masauzande, analowa m'nyumba osanena kanthu, n'kutuluka ndi kabudula wa malemu agogo aamuna, amene nsalu yake yoyambirira palibe akuikumbukira.

"Uyu ndiye wa ku New York. Umuuze mzunguyo kuti sindichotsera."

*

Mabokosi onse atakwana, atelala anawalumikiza, atadula apa n'kuwonjezera apo kuti la aphunzitsi ndi la tepi ya ku China agwirizane. Chinatuluka chinthu chachikulu, chowala, choti munthu wodutsa pa msewu wa tala wopita ku boma ankatsika njinga. Amayi awiri anachitengera ku Luangwa Bridge, pa Great East Road, pamene mabasi a ku Chipata amaima ndipo anthu amagula nsomba zouma, madengu ndi mphasa. Anachitambasula tsiku lonse. Anthu anajambula, anayamikira, n'kugula nsomba. Dalaivala wina wa thiraki anafunsa ngati angachigule chophimbira katundu.

Chitabwerera kumudzi, funso limene aliyense ankalizemba linatuluka: chofundachi n'cha yani? Adimini ku Manchester anati chiperekedwe kwa odwala. Asungichuma anati chiyende ngati chilimba, mwezi uno kwa uyu, mwezi wamawa kwa uyo, koma onse anafuna Juni, ndipo Okutobala anasowa mwini. Abambo aja a majekete anatumiza nthumwi kunena kuti mbali yoyera yonse ndi yawo. Mayi wa nkhanga anati bokosi lake alichotsemo, silingagone ndi linzake lija.

Kumapeto kwa Meyi nkhani inafika kwa anyakwawa. Anamvetsera mbali zonse, anagwedeza mutu, n'kulamula kuti chofundacho chitsale kwawo monga umboni mpaka mlandu utaweruzidwa. Mu Juni anati mboni sizinakwane. Mu Julayi anati nduna yawo yapita kumaliro ku Zumbo. Mu Ogasiti anati nkhani ya nsalu siifuna phuma.

Pakati pa Seputembala, kutayamba kutentha, anaitanitsa bwalo. Umboni unabwera utapindidwa bwino, ukununkha utsi wa fodya.

"Amayi inu, nkhani yanu ndaifufuza usiku uliwonse, mbali zonse ziwiri. Ndapeza kuti chofundachi n'chachifupi. Munthu akafunda kumutu, mapazi amatsala panja. Pa chifukwa chimenechi sindingagamule. Mukasoke china chotalikirapo, chifike kuno Meyi asanathe, kuti tidzayerekeze."